KUWERENGA ZOWAWA ZA KUBEREKA: NTCHITO YA ABAMBO PA TSIKU LA KUCHIRA

Mwezi uno tifuna kulankhula makamaka ndi inu abambo a m'midzi, ndiponso ndi amayi akuluakulu amene mumasunga ana anu apakati. Nkhani yathu ndi ya tsiku limene mkazi ayamba matenda a kubereka. Ambiri a ife tinakula tikumva kuti zimenezi ndi za akazi okhaokha, mwamuna angokhala pa bwalo kudikira uthenga. Nzoona kuti wobereketsa ndi namwino wophunzira uzamba, koma zilipo ntchito zina zimene mwamuna angathe kuzigwira bwino ndithu, ndipo zikalephereka, miyoyo ya anthu awiri imakhala pa ngozi.

Dziko lathu lapita patsogolo pa nkhani imeneyi. Kafukufuku wa Boma wa m'chaka cha 2004 anapeza kuti pa ana 100,000 obadwa amoyo, amayi 984 anali kufa chifukwa cha uchembere. Mu 2010 chiwerengerocho chinatsika kufika pa 675, ndipo pa kafukufuku wa 2015 ndi 2016 chinali 439. Pa nthawi yomweyo, amayi ochirira ku chipatala anachuluka, kuchokera pa 73 mwa 100 mu 2010 kufika pa 91 mwa 100. Komabe ambiri mwa amayi amene timataya amafa chifukwa cha kuchedwa: kuchedwa kuzindikira kuti nthawi yakwana, kuchedwa kugwirizana za ulendo, ndi kuchedwa pa njira. Kuchedwa kotere mwamuna angathe kukuthetsa.

ZOWAWAZO NCHIYANI?

Chiberekero ndi thumba la mnofu wamphamvu, ndipo kunsi kwake kuli khomo limene limakhala lotseka miyezi yonse isanu ndi inayi. Masiku akakwana, pafupi masabata 40 kuchokera tsiku limene mayi anayamba kusamba komaliza, mnofuwo umayamba kukungana ndi kumasuka, kukungana ndi kumasuka. Ukakungana, mimba imauma gwa, ndipo mayi amamva kupweteka kochokera ku msana kubwera kutsogolo. Ukamasuka, mimba imafewa ndipo mayi amapuma. Kukungana kulikonse kumakoka khomo lija pang'ono, mpaka litatseguka masentimita 10, ndipo pamenepo mutu wa mwana umapeza njira. Tsono zowawa si chizindikiro chakuti chinthu chalakwika ai. Ndiyo ntchito imene thupi liyenera kugwira.

Koma si zowawa zonse zimene zili zenizeni. M'masabata omaliza mimba imauma nthawi zina, kenaka nkuleka. Zowawa zonamazi zimabwera mosatsatana bwino, sizikula, ndipo kawirikawiri zimatha mayi akagona, akayenda pang'ono kapena akamwa madzi. Zowawa zenizeni zili ndi makhalidwe atatu: zimabwera pafupipafupi koposa poyamba, zimakhalitsa koposa poyamba, ndipo zimakula mphamvu ngakhale mayi apumule. Kawirikawiri pamatulukanso chinthu chonanda chosanganikirana ndi timagazi tochepa, kapena madzi amene mwana amakhalamo.

KAWERENGEDWE KAKE

Mayi amene ali pa ululu sangathe kuyang'ana wotchi. Apa ndi pamene mwamuna afunika. Tengani wotchi kapena foni ya m'manja, pensulo ndi kapepala, ndipo muwerenge zinthu ziwiri.

Choyamba ndi kutalikirana kwa zowawa. Mkazi wanu akati "zayamba", lembani nthawi. Zikatha musalembe kanthu. Akanenanso kuti zayamba, lembaninso. Kutalikirana kumawerengedwa kuchokera pa chiyambi cha zowawa zina kufika pa chiyambi cha zotsatira. Ambiri amalakwa powerenga kuchokera pamene zathera, ndipo akafika ku chipatala amauza namwino nthawi yosayenera.

Chachiwiri ndi kutalika kwa zowawa zilizonse, kuchokera pamene mimba yayamba kuuma kufikira pamene yafewa. Ikani dzanja lanu pamwamba pa mimba mofatsa, ndipo mudzamva nokha kuuma kwake. Werengani masekondi pa wotchi, kapena werengani pakamwa pang'onopang'ono.

Nachi chitsanzo. Zowawa zayamba 8 koloko madzulo, zina 8:14, zina 8:27, zinanso 8:39, ndipo zilizonse zikukhala masekondi ngati 35. Kutalikirana kwake ndi mphindi 14, 13 ndi 12. Pofika 10 koloko mwalemba 10:00, 10:07 ndi 10:13, ndipo tsopano zikukhala masekondi 50. Kapepalako kakuuzani poyera kuti matenda ndi enieni ndipo akufulumira.

Amene sadziwa kulemba asadandaule. Tengani mbale ndi njere za chimanga. Zowawa zikayamba ponyani njere imodzi m'mbale, ndipo theka la ola likatha werengani njerezo. Njere zitatu zitanthauza kuti zowawa zikutalikirana mphindi 10. Njere zisanu ndi imodzi zitanthauza mphindi 5.

Pa chiyambi zowawa zimakhala masekondi 30 kufika 45, ndipo zingatalikirane mphindi 10, 15 kapena 20. Matenda akakula zimakhala pafupi mphindi imodzi, nkumabwera mphindi zitatu kufika zisanu zilizonse. Mwana akayandikira zimatha kupitirira mphindi imodzi, ndipo mayi amapuma kanthawi kochepa chabe. Anamwino nawonso amachita zomwezi ku chipatala: amaika dzanja pa mimba kwa mphindi 10, nawerenga zowawa, nalemba pa pepala la mayiyo.

TINYAMUKE LITI?

Mabuku ena amati mayi adikire kunyumba kufikira zowawa zitatalikirana mphindi 5 kwa ola lathunthu. Malangizo amenewo ndi a anthu a m'tauni amene ali ndi galimoto pa khomo ndi chipatala pafupi. Inu a kumudzi musawatsate. Mukaona kuti zowawa zikubwera motsatana bwino ndipo zikukula, nyamukani pomwepo, ngakhale usiku. Cholinga cha kuwerenga si kudikira ai, koma kudziwa msanga ndi kukauza namwino zoona. Musachedwetse ulendo chifukwa cha kapepala. Mungathe kuwerenga muli pa njira.

Kumbukirani kuti mimba yoyamba imachedwa, koma mayi amene anaberekapo angathe kuchira m'maola ochepa. Amene amakhala kutali, kapena kutsidya kwa mtsinje wodzaza m'nyengo ya dzinja, apite kukadikirira ku chipatala mwezi womaliza usanathe, monga awalangizira ku sikelo. Mtsikana wamng'ono, mayi amene anachitidwapo opaleshoni pobereka, woyembekezera mapasa, wothamanga magazi, ndi amene wabereka kale ana ambiri, onsewa ayenera kukachirira ku chipatala chachikulu kumene kuli dokotala, chipinda cha opaleshoni ndi magazi.

ZIZINDIKIRO ZOOPSA

Mukaona chimodzi mwa izi, lekani kuwerenga ndipo thamangani naye:

1. Kutaya magazi.
2. Madzi kutuluka zowawa zisanayambe, kapena madzi obiriwira, akuda kapena onunkha.
3. Mutu kupweteka kwambiri, kusaona bwino, kutupa nkhope ndi manja, kapena kukomoka.
4. Kutentha thupi.
5. Mwana kuleka kugunda m'mimba.
6. Dzanja, mwendo kapena mchombo wa mwana kutsogola.
7. Ululu wosaleka, mimba osafewa konse, kapena zowawa zopitirira zisanu pa mphindi 10.
8. Zowawa kuyamba masabata 37 asanakwane.
9. Zowawa zamphamvu kupitirira maola 12 mwana osabadwa, ndiko kuti kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa.

MIYAMBO IWIRI IMENE IMAPHA

Woyamba ndi wakumwetsa mayi mankhwala azitsamba ofulumizitsa matenda, monga amene ambiri amawatcha mwanamphepo. Mankhwalawa alibe muyeso. Amachititsa chiberekero kukungana kolimba kosapuma, ndipo mwana amabanika chifukwa magazi ochokera kwa mayi amamufikira bwino pa nthawi ya kupuma ija. Nthawi zina chiberekero chimang'ambika ndithu. Ngati mayi wamwa kale, musabise. Uzani namwino pofika pomwe, pakuti iye afuna kupulumutsa osati kuweruza mlandu.

Wachiwiri ndi wakunena kuti mwana akachedwa ndiye kuti mkazi kapena mwamuna anayenda ndi wina, tsono mayi aulule. Zimenezi si zoona. Mwana amachedwa chifukwa mutu wake ndi waukulu kuposa njira ya mafupa a m'chiuno, kapena chifukwa wagona mopingasa, kapena chifukwa zowawa zilibe mphamvu. Pamene akuluakulu akufunsa milandu m'nyumba, mutu wa mwana uli kupsinja chikhodzodzo cha mayi, ndipo mnofu wopsinjidwawo umafa nkusiya bowo. Ndiwo matenda a fisitula, amene amachititsa mayi kudontha mkodzo usana ndi usiku. Matendawa amachizika ndi opaleshoni, monga ku Bwaila mu Lilongwe, koma kuli bwino koposa kuwapewa pofika msanga.

KONZEKANI MASIKU ASANAKWANE

Walira mvula walira matope. Mwamuna amene afuna mwana avomerenso zofunika zake. Perekezani mkazi wanu ku sikelo, mumve nokha tsiku limene akumuyembekezera kuchira, ndipo mukayezetse magazi pamodzi. Sungani ndalama za ulendo padera pamene mwagulitsa mbewu. Panganani ndi mwini njinga yamoto, ngolo kapena galimoto, ndipo mudziwe amene amasunga njinga yonyamulira odwala ngati ilipo m'mudzi mwanu. Foni ikhale ndi moto ndi mayunitsi. Mtanga ukhale womanga mwezi wachisanu ndi chitatu usanathe: zitenje zochapa bwino, beseni, sopo, tochi, zovala za mwana, ufa, ndi zina zimene anakuuzani ku sikelo. Musaiwale kabuku ka chipatala, ndiponso mankhwala amene mayi amamwa tsiku ndi tsiku, monga ma ARV.

Chinanso chachikulu ndi ichi: kambiranani ndi apongozi anu ndi eni mbumba nthawi ikadalipo, kuti tsikulo likafika pasakhale wotumiza mwana kumudzi wina kukapempha chilolezo. Ngati mumagwira ntchito kutali, ku esiteti, ku tauni kapena ku Johannesburg, siyani ndalama ndi mawu omveka akuti mkazi wanu apite osadikira inu.

MUKAFIKA KU CHIPATALA

Perekani kapepala kanu kwa namwino. Muuzeni nthawi imene zowawa zinayamba, nthawi imene madzi anatuluka ndi maonekedwe ake.

M'chaka cha 2018 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linalangiza kuti mayi aliyense akhale ndi munthu wodzisankhira yekha pambali pake pa nthawi yonse ya kubereka, chifukwa amayi otere amachira msangako ndipo mantha amawachepera. Wosankha ndi mayi mwini wake. Ena afuna mwamuna wawo, ena afuna amayi awo kapena mkulu wawo, ndipo mwamuna asakwiye nazo. M'zipatala zambiri amayi angapo amachirira m'chipinda chimodzi, kotero abambo saloledwa kulowa. Zikatero, alowe wamkazi, koma inu musachoke pa khomo kupita ku msika kapena ku mowa. Mungafunike kuperekeza mkazi wanu ku chipatala chachikulu, kapena kuitana abale oti apereke magazi.

Amene ali pambali pa mayi achite izi. Amsisite kumsana kunsi pamene zowawa zafika. Amkumbutse kukoka mpweya pang'onopang'ono ndi mphuno nkuutulutsa pakamwa. Ampatse madzi, tiyi kapena phala lamadzimadzi, pokhapokha namwino ataletsa. Amgwire dzanja poyendayenda, pakuti kuyenda ndi kukhala tsonga kumathandiza mwana kutsika, ndipo akatopa agone cham'mbali osati chagada. Amkumbutse kukodza kawirikawiri. Ampukute thukuta, namlankhule mawu okoma. Kumkalipira, kumuseka kapena kummenya chifukwa akulira ndi kulakwa kwakukulu. Asamuuze kukankha namwino asananene, chifukwa khomo likadali losatseguka lonse limatupa kapena kung'ambika. Ndipo munthu aliyense asayese kukanikiza mimba ndi manja.

MWANA AKABADWA

Ntchito sinathe. Nsengwa iyenera kutuluka, ndipo namwino amabaya mayi jakisoni wothandiza chiberekero kukungana kuti magazi aleke. Mwana ampukute, amgoneke pa chifuwa cha mayi wake khungu ndi khungu, nawafunde onse awiri, ndipo ayamwe ola loyamba lisanathe. Mkaka woyamba wachikasu uja usatayidwe, pakuti ndiwo umateteza mwana ku matenda. Tsiku loyamba ndilo loopsa koposa pa kutaya magazi. Mukaona zitenje zikunyowa msangamsanga, kapena mayi akuchita chizungulire, itanani namwino mofuula. Musaumirize kubwerera kumudzi maola 24 asanathe. Kunyumba, mwamuna aone kuti madzi, nkhuni ndi chakudya zilipo kuti mayi apumule, ndipo amperekezenso ku chipatala pa masiku amene anamulembera.

Tikupempha mafumu, aphunzitsi ndi alangizi a zaumoyo kuti awerengere anthu nkhaniyi pa misonkhano ya m'midzi. Inu amene mwaiwerenga, kauzeni mnzanu amene mkazi wake ali ndi pakati, ndipo mumphunzitse kuwerenga kwa wotchi kapena kwa njere za chimanga tsikulo lisanafike.