Mabisiketi a Aveia: Ntchito ya Mchere M'chinthu Chotsekemera

Munthu akaona koyamba malangizo ophikira mabisiketi a aveia amadabwa kupezamo mchere, ndipo ambiri amangousiya poganiza kuti wolembayo anasokoneza. Komatu phala lathu la m'mawa limayankha kale funsoli. Mayi akaiwala kuthira mchere m'phala, ngakhale atawonjezera shuga masupuni angapo, mwana amanena kuti phalalo ndi lozizira mkamwa. M'nkhani ino tifotokoza ntchito ya chinthu chilichonse chimene chimalowa m'mabisiketiwa. Aveia ndi batala n'zokwera mtengo, ndipo wophika amene amangotsatira malangizo osadziwa chifukwa chake amataya zonsezi tsiku limene moto kapena mphika wasintha.

Tiyambe ndi mbewuyo. Aveia, imene pamapaketi ochokera ku South Africa ndi ku Malawi imalembedwa kuti oats, ndi m'bale wake wa tirigu, monga amene amalimidwa ku Tsangano, koma ngala zake zimalendewera momwazikana m'malo mothinana paphesi. Imakonda nyengo yozizira ndi yachinyezi, n'chifukwa chake imalimidwa kwambiri ku Canada, Russia, Poland ndi Finland. Njere zake zili ndi mafuta ambiri kuposa za tirigu ndipo zikasweka siziti zichedwe kuwawa. Pofuna kupewa zimenezi, kufakitale amazichotsa mankhusu, amazitenthetsa ndi nthunzi, kenako amazipsinja pakati pa zitsulo zogudubuzika mpaka ziphwathalale. Tinjere tophwathalalati ndi timene timagula. Tilipo tokhuthala ndi topyapyala tophikira phala la msanga. Ife timasankha tokhuthala, chifukwa timasunga maonekedwe ake ndipo bisiketiyo imatafunika bwino.

Anthu a ku Scotland akhala akuotcha timikate ta aveia kwa zaka mazana ambiri, ndipo tawo n'ta mchere, todyera tchizi kapena batala. Mabisiketi otsekemera anafala pambuyo pake. Buku lophikira la Fannie Farmer, limene linatuluka ku Boston mu 1896, linali kale ndi malangizo ake, ndipo ku Australia ndi New Zealand kuli mabisiketi otchedwa Anzac, opanda dzira, amene dzina lake limakumbutsa asilikali a m'nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Amene tikufotokoza pano amatenga mbali zonse ziwiri, shuga ndi mchere.

Pa mabisiketi pafupifupi 24 tifunika magalamu 180 a aveia, amene ndi makapu awiri, magalamu 125 a ufa wa tirigu, kapu imodzi, magalamu 125 a batala kapena majarini, magalamu 150 a shuga wofiirira, dzira limodzi, theka la supuni yaing'ono ya soda, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere wosalala. Kapu imene tikunena ndi yolowa pafupifupi mamililita 250. Makapu a m'nyumba zathu amasiyana kukula, choncho kapu imene tayamba nayo kuyeza tipitirize nayo mpaka kumapeto.

Wina angafunse kuti ufa wa tirigu ukufunikiranji pamene aveia alipo kale. Ufa wa tirigu ukanyowa ndi kukandidwa umapanga chinthu chonanda chotchedwa gluteni, chimene chimagwirizanitsa buledi. Aveia sachita zimenezi, moti bisiketi ya aveia yekha imanyenyeka m'manja. Koma gluteni akachuluka, bisiketi imalimba ngati chikopa. Apa ndi pamene ozolowera kukanda mandasi amalakwitsa. Ufa wa mabisiketi sitiukanda. Timangousakaniza mpaka kuyera kwake kuleke kuoneka, basi.

Dongosolo lake ndi ili. Timayamba ndi kutakasa batala ndi shuga ndi mthiko kwa mphindi zitatu kapena zinayi, kufikira zitayererako ndi kupepuka. Njere za shuga zimaboola mafutawo n'kusiya timibowo ta mpweya, ndipo timibowoti ndi timene timakula pamoto. Batala akhale wofewa moti chala chilowe, koma asasungunuke, pakuti mafuta osungunuka sasunga mpweya. Kenako timathira dzira, pambuyo pake ufa umene tausakaniza kale ndi soda ndi mchere, ndipo aveia amalowa pomalizira.

Pa shuga tili ndi mwayi. Shuga wofiirira, amene amapezeka m'misika yathu kuchokera ku mafakitale monga a ku Xinavane ndi Mafambisse, ndiye woyenera pa ntchitoyi kuposa woyera. Kufiira kwake kumachokera ku manyuchi a nzimbe otsalira pa njere zake. Manyuchiwa amagwira chinyezi, kotero bisiketi imakhala yofewa pakati, komanso ali ndi kuwawasa pang'ono kumene soda amafuna. Soda ndi wa gulu limodzi ndi chidulo chimene amayi amacheza kuchokera ku phulusa pophika therere. Akakumana ndi chowawasa amatulutsa mpweya wofufumitsa. Tisapyole muyeso wake. Soda wotsala wopanda chowawasa chokumana nacho amasiya kakomedwe ka sopo, ndipo palibe shuga amene angakabise.

Tsopano tifike pa mchere. Aveia wootcha ndi shuga wopsa pang'ono zili ndi kakuwawa kobisika. Mchere umachepetsa mphamvu ya lilime yomva kuwawa, ndipo kuwawako kukachepa, kutsekemera ndi fungo la batala zimamveka bwino. Imeneyi ndi ntchito ya mchere wosalala umene timasakaniza mu ufa. Wakudya sauzindikira kuti ulimo, koma ukasowa amadandaula kuti bisiketiyo ikukola msanga.

Pali mchere wachiwiri, wowaza pamwamba, ndipo ntchito yake ndi ina. Uwu timafuna kuti umveke. Timatenga mchere wa mibulu, timauphwanya pang'ono mu kamtondo osaufikitsa pa ufa, ndipo pa bisiketi iliyonse timaikapo tinjere titatu kapena tinayi isanalowe pamoto. Lilime likazolowera kukoma kumodzi limaleka kukumva mokwanira. Kanjere ka mchere kakasungunuka mwadzidzidzi, lilime limadzidzimuka ndipo shuga wotsatira amamveka ngati watsopano. Aliyense amene anadyapo mtedza wokazinga wa mchere pomwera tiyi wotsekemera akudziwa zimene tikunenazi. Tichenjere ndi chinthu chimodzi: majarini ndi batala ambiri a m'masitolo ali kale ndi mchere. Tiwerenge papaketi kapena tilawe, ndipo ngati ulimo tichepetse wa mu ufa ndi theka. Mchere wochepa tingauwonjezere pamwamba, pamene wochuluka sitingauchotse.

Tikamaliza kusakaniza tidikire mphindi 30 kapena ola limodzi, mbaleyo ili yovundikira pamalo ozizira. Pa nthawiyi aveia amamwa madzi a m'dzira ndi m'batala, mafuta amalimbanso, ndipo mabisiketi samwazika kwambiri pamoto. M'chigwa cha Zambezi, kumene kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala kumasungunula majarini ali patebulo, ndi bwino kuphika m'mamawa ndi kukhazika mbaleyo m'beseni la madzi ozizira. Pambuyo pake timaumba timipira ta supuni yaikulu imodzi, timatipsinja pang'ono, n'kutiyala motalikirana zala zitatu.

Mu uvuni mabisiketi amapsa pa madigiri 180 kwa mphindi 10 mpaka 12. Kufiira kumene kumabwera m'mphepete kumachitika shuga akagwirizana ndi mapuloteni a m'dzira ndi mu ufa pa kutentha kwakukulu, zimene wasayansi wa ku France, Louis-Camille Maillard, anafotokoza mu 1912. Ndi zomwezi zimene zimanunkhiritsa chimanga chootcha. Tiphule m'mphepete mukafiira, ngakhale pakati pakuonekabe pofewa, chifukwa chitsulo chotentha chimapitiriza kupsetsa kwa mphindi zisanu zotsatira. Woyembekezera kuti bisiketi ilimbe ili pamoto amaphula yopserera.

Ambiri a ife tidzakhala kumadera kopanda uvuni wa magetsi, koma luso lophikira chigumu likukwanira. Timathira mchenga wouma wokhuthala zala ziwiri pansi pa mphika waukulu, timaikapo timiyala titatu, ndipo pa timiyalapo timasanjika mbale ya chitsulo. Mchengawo umamwaza kutentha kuti pansi pasapserere. Makala ochuluka akhale pa chivundikiro, ochepa pa mbaula, pakuti chinthu cha shuga wambiri chimayamba kupserera kunsi. Mphikawo utenthe kaye kwa mphindi 10 tisanaikemo kanthu. Poti palibe choyezera kutentha, timaotcha bisiketi imodzi yoyesera. Ikada pansi pasanathe mphindi 8, tichotse makala a pansi. Ikakhalabe yotuwa patapita mphindi 15, tiwonjezere a pamwamba. Bisiketi yoyeserayi imatiuzanso za mchere, nthawi yokonza muyeso wowaza ikadalipo.

Ofuna kuwonjezera mtedza wokazinga wosinja pang'ono athire theka la kapu pamodzi ndi aveia. Mabisiketi azizire kotheratu asanalowe m'chitini, chifukwa nthunzi yotsekeredwa imawafewetsa. Mchere umakoka chinyezi cha mumpweya, motero m'nyengo ya dzinja tinjere ta pamwamba timasungunuka msanga ngati chitini sichitseka bwino. M'chitini chothina bwino amakhala pafupifupi sabata imodzi.