Kulemba fan fiction

Fan fiction, yomwe ena amaifupikitsa kuti fanfic, ndi nkhani zopeka zolembedwa ndi anthu okonda buku, filimu, sewero la pa kanema kapena masewera a pa kompyuta, pogwiritsa ntchito ampangankhani ndi malo omwe mlembi wina anapeka kale. Wolemba amabwereka anthu odziwika kwa owerenga, monga Harry Potter, Sherlock Holmes kapena Naruto, n'kuwapekera zochitika zatsopano. Ambiri amachita izi pa nthawi yawo yopuma popanda malipiro, ndipo nkhanizo amaziika pa intaneti kuti aliyense awerenge mwaulere. Mawuwa ndi a Chingerezi: fan ndi munthu wokonda chinthu kwambiri, pomwe fiction ndi nkhani yopeka.

Chomwe chimachititsa anthu kulemba

Buku likatha kapena sewero likasiya kuonetsedwa, owerenga ndi oonera amatsala ndi mafunso. Ena amafuna kudziwa zomwe zinachitika pambuyo pa mutu womaliza. Ena sakhutira ndi mathero, makamaka pamene mpangankhani yemwe ankamukonda waphedwa. Enanso amaona kuti munthu wina wongotchulidwa kamodzi m'bukumo ali ndi mbiri yofunika kuifotokoza. Fan fiction imabadwa pa mipata yotereyi.

Kwa munthu amene akuphunzira kulemba, njirayi ndi yopepuka chifukwa sayamba popanda kanthu. Ampangankhani ali kale ndi mayina, makhalidwe ndi abale awo, ndipo owerenga alipo kale omwe akudikira. Wolembayo amangolimbana ndi tsatanetsatane wa nkhani ndi zokambirana za anthuwo. Palinso ena amene amalemba pofuna kudziona okha m'nkhani, monga anthu a mitundu yomwe siipatsidwa mbali yaikulu m'mafilimu otchuka.

Chiyambi chake

Kubwereka ampangankhani a wina si chinthu chachilendo. Virgil, mlakatuli wa ku Roma, anatenga Aeneas, yemwe amapezeka mu Iliad ya Homer, n'kumuika kukhala mwini nkhani mu Aeneid. Nthano za pakamwa nazo zimayenda chimodzimodzi: Kalulu alibe mwini, ndipo wokamba aliyense amamuwonjezera machenjera ake. Zinthu zinasintha mabuku atayamba kusindikizidwa ndi kugulitsidwa, pamene nkhani inayamba kukhala katundu wa mlembi mmodzi. Miguel de Cervantes atatulutsa gawo loyamba la Don Quixote mu 1605, munthu wina wodzitcha Alonso Fernández de Avellaneda anasindikiza gawo lachiwiri popanda chilolezo mu 1614. Cervantes anatulutsa lake lenileni mu 1615, ndipo m'menemo ananyoza buku la mnzakeyo.

Okonda Sherlock Holmes amatchulidwa kawirikawiri pa mbiri imeneyi. Arthur Conan Doyle anapha Holmes mu nkhani ya 1893, koma owerenga anadandaula kwambiri ndipo mu 1903 anamubweretsanso wamoyo. Alembi ena analemba nkhani zawozawo za Holmes, ndipo mu 1934 Christopher Morley anayambitsa gulu la okonda Holmes lotchedwa Baker Street Irregulars ku New York. Mabuku a Jane Austen nawo anapeza owapitiriza: mu 1913 Sybil Brinton anatulutsa Old Friends and New Fancies, buku losonkhanitsa ampangankhani a m'mabuku osiyanasiyana a Austen.

Fan fiction monga ikudziwikira lero inakula ndi sewero la pa kanema la Star Trek, lomwe linayamba kuonetsedwa ku America mu 1966. Mu 1967 Devra Langsam ndi Sherna Comerford anatulutsa Spockanalia, magazini ya okonda seweroli. Magazini otere ankatayipidwa pa makina, kupukusidwa, n'kumatumizidwa pa positi kapena kugulitsidwa pa misonkhano pa mtengo wongobweza ndalama za mapepala. Ambiri mwa olemba ndi akonzi ake anali amayi. Ku Japan kunakula mwambo wofanana wa dōjinshi, timabuku ta nkhani ndi zithunzi tosindikizidwa ndi eni ake. Msika wake waukulu, Comiket, unayamba ku Tokyo mu Disembala 1975 ndi anthu pafupifupi 700. Pa msika wa mu Disembala 2019 chiwerengero cha olowa chinafika pafupifupi 750,000 m'masiku anayi.

Nyengo ya intaneti

Intaneti inachotsa vuto la mapepala ndi sitampa. Mu 1998 Xing Li anatsegula FanFiction.Net, malo omwe munthu aliyense ankatha kuikapo nkhani yake popanda kudzera kwa mkonzi. Mabuku a Harry Potter, omwe anayamba kutuluka mu 1997, anakopa achinyamata ochuluka, ndipo nkhani zawo zinafika mazana a zikwi. Wattpad inayamba mu 2006 ku Toronto m'dziko la Canada, ndipo inatchuka chifukwa chosavuta kuwerenga pa foni. Kampani ya Naver ya ku South Korea inaigula mu 2021.

Komabe olemba anazindikira kuti nyumba ya eni saotchera mbewa. Mu 2002 FanFiction.Net inaletsa nkhani zolaula, ndipo mu 2012 inafufuta nkhani zambirimbiri. Mu 2007 LiveJournal inatseka mwadzidzidzi maakaunti mazana, ena mwa iwo a magulu a fan fiction. M'chaka chomwecho kampani ya FanLib inayesa kupanga phindu pa nkhani zomwe okonda ankalemba mwaulere, zomwe zinakwiyitsa ambiri. Poyankha, mlembi Naomi Novik ndi anzake anakhazikitsa bungwe losapanga phindu la Organization for Transformative Works mu 2007. Bungweli linatsegula nkhokwe ya Archive of Our Own, yodziwika kuti AO3, kwa anthu onse mu Novembala 2009. Nkhokweyi imayendetsedwa ndi anthu ongodzipereka, ndalama zake zimachokera ku zopereka, ndipo siionetsa malonda. Mu 2019 inalandira mphotho ya Hugo, ndipo pano imasunga zolemba zoposa 10 miliyoni m'zinenero zambiri. Kuyambira pa 29 Febuluwale 2020 anthu a ku China sangathe kuitsegula mwachindunji chifukwa inatsekedwa m'dzikomo.

Mitundu ndi mawu ogwiritsidwa ntchito

Olemba fan fiction ali ndi mawu awoawo, ndipo ambiri ndi a Chingerezi.

Canon ndi zonse zomwe zinachitikadi m'buku kapena filimu yoyambirira. Mawuwa anabwerekedwa ku mpingo, komwe amanena za mabuku ovomerezeka a m'Baibulo. Okonda Holmes amawagwiritsa ntchito ponena za nkhani zazifupi 56 ndi mabuku anayi omwe Doyle analemba yekha.

AU, chidule cha alternate universe, ndi nkhani yosamutsa ampangankhani kupita ku moyo wina. Mwachitsanzo, ankhondo a m'mlengalenga amasanduka ophunzira a pa koleji kapena ogwira ntchito m'sitolo ya khofi.

Crossover imakumanitsa anthu a m'nkhani ziwiri zosiyana. Fix-it imakonza zomwe wolemba sanakondwere nazo, monga imfa ya mpangankhani. One-shot ndi nkhani ya mutu umodzi wokha, pomwe drabble yeniyeni imakhala ndi mawu 100 ndendende.

Shipping ndi kufuna kuti ampangankhani awiri akhale pa chikondi. Nkhani zomwe awiriwo ndi amuna okhaokha zimatchedwa slash, dzina lochokera ku kamzere kopendekeka komwe okonda Star Trek ankaika pakati pa mayina a Kirk ndi Spock m'zaka za m'ma 1970.

Mary Sue ndi mpangankhani wopanda chilema, wodziwa zonse ndi wokondedwa ndi onse, yemwe nthawi zambiri amaimira wolemba mwini. Dzinali linachokera mu nkhani yoseketsa yomwe Paula Smith analemba mu 1973. Ena amalidzudzula ponena kuti limagwiritsidwa ntchito pofooketsa atsikana ongoyamba kulemba.

Momwe nkhani imalembedwera ndi kugawidwira

Olemba ambiri sagwiritsa ntchito mayina awo enieni. Nkhani yaitali imatulutsidwa mutu umodzi pa nthawi, mwina sabata iliyonse, ndipo owerenga amaikapo ndemanga nkhaniyo isanathe. Ndemangazo zimatha kusintha komwe nkhani ikulowera. Asanatulutse mutu, ena amaupereka kwa mnzawo wotchedwa beta reader, yemwe amakonza galamala ndi kuunika ngati ampangankhani akuyankhula mogwirizana ndi khalidwe lawo. Ameneyunso salipidwa.

Pa AO3 wolemba amasonyeza msinkhu wa oyenera kuwerenga, amachenjeza ngati muli zinthu monga chiwawa choopsa kapena imfa ya mpangankhani wamkulu, ndipo amaika mawu olozera zomwe zili m'nkhanimo. Izi zimathandiza wowerenga kupeza zomwe akufuna ndi kupewa zomwe sakufuna. Wowerenga akakondwera amadina chizindikiro cha kudos kapena kulemba ndemanga. Awa ndiwo malipiro okha omwe wolemba amayembekezera, ndipo zikasowa ambiri amagwa mphwayi n'kusiya nkhani pakati.

Akatswiri a maphunziro akhala akufufuza za mchitidwewu. Mu 1992 Henry Jenkins analemba Textual Poachers, momwe anatsutsa maganizo oti okonda makanema amangomeza zomwe apatsidwa. Mu 2008 Rebecca Black anatulutsa buku lofotokoza za achinyamata ophunzira Chingerezi monga chinenero chachiwiri kudzera mu fan fiction. Mu 2019 Cecilia Aragon ndi Katie Davis a ku University of Washington anafotokoza mu Writers in the Secret Garden momwe timalangizo ting'onoting'ono ta owerenga ambiri timaphunzitsira wolemba wachinyamata.

Malamulo a umwini

Funso lalikulu pa fan fiction ndi lakuti nkhani ndi ya yani. Pangano la Berne la 1886, lomwe mayiko ambiri kuphatikizapo Malawi ndi Zambia analowamo, limapatsa mlembi ulamuliro pa kusintha kapena kusandutsa ntchito yake. Chitetezochi chimakhalapo moyo wonse wa mlembi ndi zaka zosachepera 50 atamwalira, ndipo mayiko ena monga Britain amafikitsa zaka 70. Nthawiyo ikatha, ntchitoyo imakhala ya aliyense. N'chifukwa chake munthu angathe kugulitsa buku la ampangankhani a Jane Austen, yemwe anamwalira mu 1817. Nkhani zomaliza za Holmes zinamasuka ku America pa 1 Januwale 2023.

Pa ntchito zomwe zikadali zotetezedwa, olemba a ku America amadalira mfundo ya fair use. Khoti limayang'ana cholinga cha ntchito yatsopanoyo, mtundu wa ntchito yoyambirira, kuchuluka kwa zomwe zatengedwa, ndiponso ngati malonda a mwini wake aonongeka. Milandu iwiri imasonyeza kuti zotsatira zimasiyana. Mu 2001 khoti la apilo linachotsa chiletso pa buku la Alice Randall, The Wind Done Gone, lomwe limafotokoza nkhani ya Gone with the Wind kuchokera kwa kapolo, poona kuti linkadzudzula buku loyambalo. Koma mu 2009 J. D. Salinger anapeza chiletso pa buku la Fredrik Colting lopitiriza The Catcher in the Rye, ndipo pamapeto pake mbali ziwirizo zinagwirizana kuti lisagulitsidwe ku America ndi Canada.

Alembi eni ake amasiyana maganizo. Anne Rice analetsa fan fiction ya mabuku ake kwa zaka zambiri, ndipo George R. R. Martin wakhala akunena kuti wophunzira kulemba azipeka anthu akeake. J. K. Rowling anailola, bola isakhale yolaula kapena yogulitsa. Chifukwa cha izi, lamulo losalembedwa pakati pa olemba n'lakuti fan fiction isagulitsidwe. Amazon inayesa njira yogulitsira nkhani zololedwa ndi eni ake kudzera mu Kindle Worlds mu 2013, koma inaitseka mu 2018.

Olemba omwe anafika posindikiza mabuku

Ena asandutsa fan fiction kukhala mabuku ogulitsa posintha mayina ndi kuchotsa zonse za mwini woyamba. Fifty Shades of Grey ya E. L. James, yomwe inatuluka mu 2011, inayamba ngati nkhani ya ampangankhani a Twilight. Anna Todd anayamba kulemba After pa Wattpad mu 2013 potengera woimba Harry Styles wa gulu la One Direction. Bukuli linasindikizidwa mu 2014 ndipo filimu yake inatuluka mu 2019. The Love Hypothesis ya Ali Hazelwood ya 2021 inachokera ku nkhani ya Star Wars.

Si onse amene amakondwera ndi zimenezi. Ena amati nkhani yomwe inakula ndi thandizo laulere la owerenga siyenera kulemeretsa munthu mmodzi. Nkhani zonena za anthu enieni amoyo, monga oimba, zimadzetsanso mtsutso pa ulemu wa anthuwo, ndipo FanFiction.Net siizilola ngakhale AO3 ndi Wattpad zimazilandira. Palinso nkhawa ya makolo pa ana omwe angakumane ndi nkhani za akuluakulu. Osindikiza mabuku amangotola ochepa kwambiri mwa olembawa. Otsalawo amapitiriza kulemba akaweruka kusukulu kapena kuntchito, pa mayina ongopeka, ndipo owerenga awo ndi okonda anzawo.