Chikhulupiriro cha agogo sichiopa mafunso

Usiku wa maliro, amayi akamayimba m'nyumba ya siwa, amuna panja timazungulira moto n'kumakamba za feteleza, mpira ndi ndale. Tulo tikayamba kuvuta, pamapezeka mnyamata wina wochokera kusukulu ya ukachenjede, foni ili m'manja, n'kutiuza kuti nyimbo zikumveka m'nyumbamo n'zachabe, zonsezi anatinamiza azungu. Madoda ena amangosonkhezera moto, ena amamukalipira kuti sukulu yamusokoneza mutu. Kukalipako n'kulakwa. Mnyamatayo akufunsa zoyenera kufunsidwa, ndipo mafunso ena akuchokera pa zilonda zenizeni. Chimene akusowa ndi munthu womuyankha. Zina mwa zimene timamvazi zimachokera kwa onyoza mpingo, koma zoopsa kwambiri zimachokera kwa ife tomwe a m'katimo.

"Chikhristu ndi chipembedzo cha azungu"

Pali chifukwa chimene timaganizira chonchi. Kuno uthenga unafika ndi amishonale: a UMCA ku Magomero mu 1861, a Livingstonia ku Cape Maclear mu 1875, a Blantyre mu 1876, ndipo pofika 1891 atsamunda anali atakhazika boma lawo. Chithunzi cha Yesu wa khungu loyera chikadali pakhoma m'nyumba zambiri. Koma wobweretsa kalata si amene anailemba. Mfumu Ezana ya ku Aksum, kumpoto kwa Ethiopia, inalandira Chikhristu cha m'ma 330. Augustine wa ku Canterbury anakafika ku England kukalalikira mu 597, makolo a Angelezi akupembedzabe mulungu wawo Woden. Tertullian, amene anayamba kulemba mawu a Chilatini onena za Utatu, anali wa ku Carthage, m'dziko la Tunisia lero. Athanasius anali wa ku Egypt. Augustine wa ku Hippo anabadwa mu 354 m'dera lomwe lero ndi Algeria, ndipo Martin Luther ndi John Calvin yemwe anamwa kwambiri pachitsime chake. Choncho amishonale a ku Scotland pobwera ndi chiphunzitso cha Calvin kunyanja kuno, ankabweza mbale yobwereka, kungoti anachedwa nayo.

Ngakhale kuno kwathu ntchito yambiri anagwira ndi anthu akuda. William Koyi, mlaliki wa Chixhosa wochokera ku Lovedale, ndiye anatsegula njira pakati pa Angoni a kumpoto. Bodzali limatiwononga pawiri. Wina amachoka mu mpingo poganiza kuti ndiko kukhala Mwafirika weniweni, wina amatsala koma n'kumanyansidwa ndi dzina lake, ng'oma zake ndi chilankhulo chake poganiza kuti ndiko kukhala Mkhristu weniweni. Onse awiri avomereza kuti cholowacho ndi cha eni, pamene chili ndi dzina lathu pa tsamba loyamba.

"Baibulo lasinthidwasinthidwa, palibe akudziwa zimene linkanena poyamba"

Tonse tikudziwa m'mene uthenga umasinthira ukamadutsa pakamwa ndi pakamwa, ndipo n'zoona kuti kwa zaka zoposa 1,000 Baibulo ankalikopera pamanja. Okopera ankalakwitsa. Koma taganizani za kalasi ya ana 60 amene akopera notsi pa bolodi, kenako aphunzitsi n'kufufuta. Mwana aliyense walakwitsa penapake, koma sanalakwitse malo amodzi. Mukasonkhanitsa makope onse, zimene zinali pa bolodi mukhoza kuzibwezeretsa. Makope akale a Chipangano Chatsopano m'Chigiriki alipo oposa 5,000. Kachidutswa ka Uthenga wa Yohane kosungidwa ku Manchester akatswiri ambiri amati n'ka m'zaka za m'ma 100, ndipo buku lalikulu la Codex Sinaiticus ndi la m'ma 300. Kuyambira mu 1947, m'mapanga a ku Qumran munapezeka mipukutu ya Chihebri, kuphatikizapo buku lonse la Yesaya lakale ndi zaka pafupifupi 1,000 kuposa makope amene ankadziwika. Atayerekeza, kusiyana kwambiri kunali kwa kalembedwe ndi mawu apo ndi apo.

Kusiyana kwakukulu kuliponso, tisabise. Mavesi otsiriza a Marko 16, ndiponso nkhani ya mayi wogwidwa chigololo mu Yohane 8, mulibe m'makope akale kwambiri. Mabaibulo ambiri amanena zimenezi m'munsi mwa tsamba, ndipo chinthu chosindikizidwa m'mabuku mamiliyoni n'chovuta kuchitcha chinsinsi. Amene amapweteka ana athu ndi mlaliki wolumbira kuti palibe ngakhale chilembo chimodzi chosiyana. Mwana akadzazipeza pa intaneti amataya mlaliki ndi Baibulo lomwe.

"Mfumu Constantine ndiye anasandutsa Yesu kukhala Mulungu"

Iyi imayenda kwambiri m'mavidiyo a pa WhatsApp. Msonkhano wa ku Nicaea unachitikadi mu 325, ndipo anauyitanitsa ndi Constantine. Koma cha m'ma 112, zaka zoposa 200 msonkhanowo usanachitike, bwanamkubwa wa Chiroma dzina lake Pliny, yemwe sanali Mkhristu, analembera mfumu Trajan kuti Akhristu amakumana m'mbandakucha n'kumayimbira Khristu ngati mulungu. Mkangano wa ku Nicaea unabuka ku Alexandria, pa chiphunzitso cha wansembe Arius, ndipo za mabuku oyenera kulowa m'Baibulo sanagamulepo kanthu. Chinanso, Constantine yemweyo anathamangitsa Athanasius, mtetezi wamkulu wa chigamulo cha ku Nicaea, mu 335. Ngati chiphunzitsocho chinali cha mfumu, mfumuyo inali ndi njira yachilendo yochisamalira.

"Sayansi inathetsa nkhani ya Mulungu"

Nkhani ya Galileo ndi yoona, ndipo ndi yochititsa manyazi. Mu 1633 akuluakulu a mpingo anamuweruza chifukwa chophunzitsa kuti dziko limazungulira dzuwa, ndipo anafera pa ukaidi wa panyumba. Papa John Paul II anavomereza kulakwako mu 1992. Koma mlandu umodzi sufotokoza mudzi wonse. Gregor Mendel, amene anapeza malamulo a m'mene ana amatengera makolo polima nsawawa m'munda wa nyumba ya amonke ku Brno, anali wansembe. Amene analemba mu 1927 kuti chilengedwe chikufutukuka, n'kudzanenanso kuti chinali ndi chiyambi, anali Georges Lemaître, wansembe wa ku Belgium. Dzina loti Big Bang anapereka mu 1949 ndi Fred Hoyle, yemwe ankatsutsa ganizolo. Choncho mnyamata wa pamoto uja akamati Big Bang inachotsa Mulungu, akugenda tchalitchi ndi njerwa imene anaumba wansembe.

Tisathamangenso kunena kuti sayansi yatsimikiza Genesis, chifukwa Lemaître mwini wake sankafuna kusakaniza ziwirizi. Makanika akhoza kutifotokozera bwinobwino m'mene dizilo amayendetsera lole, koma pa injini sangawerengepo ngati anthu ali kumbuyowo akupita ku ukwati kapena ku maliro. Limenelo ndi funso lina, ndipo silisowa chifukwa choti injini taimvetsa. Tikaiwala izi, mtsikana wa Fomu 3 amene amakonda sayansi timamuuza kuti asankhe pakati pa buku lake ndi Mulungu wake. Akasankha buku mpingo wataya mutu wabwino, akasankha kutseka buku dziko lataya dokotala.

"Mpingo umangophunzitsa anthu kugonjera olamulira"

Nthawi zina wachitadi zimenezo. Koma John Chilembwe, amene anaukira atsamunda mu 1915, anali mbusa. Ndipo pa 8 Malichi 1992, anthu akuopa ngakhale kunong'ona, kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse la Malawi, yodzudzula kumanga anthu popanda mlandu ndi kutseka anthu pakamwa. Boma linaitcha kalatayo youkira. Mu Juni 1993 tinavota pa referendamu ya ndale za zipani zambiri.

"Kumwa mankhwala ndi kuchepa chikhulupiriro"

Ili ndi lathu la m'nyumba, ndipo ndi limene likutipha. Munthu akadwala nthawi yaitali amatopa: mzere wa kuchipatala ndi wautali, thiransipoti ndi yodula, mapiritsi ndi a tsiku ndi tsiku mpaka kale. Wina akamuuza kuti usiku umodzi wa mapemphero ndi botolo la madzi odzozedwa zithetsa zonse, ndani sangafune kumva? Sitingamuseke. Koma chiphunzitso chimenechi n'chatsopano, agogo athu a mu mpingo sankachidziwa. Paulo ankayenda ndi Luka, yemwe anali dokotala. Basil wa ku Caesarea, bishopu wa m'ma 300, anamanga nyumba zosamaliramo odwala ndi akhate. Robert Laws wa ku Livingstonia anali mbusa komanso dokotala, ankalalikira ndi kuchita opaleshoni. Zipatala za ku Nkhoma, Ekwendeni, Mua ndi Malamulo anamanga ndi anthu opemphera, ndipo lero zipatala za mipingo pansi pa bungwe la CHAM zikusenza gawo lalikulu la odwala, makamaka kumidzi. Yesu mwini, atauzidwa kuti adziponye kuchokera pamwamba pa kachisi kuti angelo amuwakhe, anakana, poti kumeneko n'kuyesa Mulungu.

Ma ARV sachotsa kachilombo ka HIV, amakapanikiza kuti kasachulukane, mpaka nthawi zina makina oyezera kuchuluka kwake sakaona. Apa ndi pamene ena amapita kukaimirira kutsogolo ndi chipepala, kuchitira umboni kuti achira, mapiritsi n'kukataya m'chimbudzi. Pakapita milungu yochepa kachilombo kamadzukanso, ndipo munthu akamamwa modumphadumpha kamaphunzira kupirira mankhwalawo. Zomwezo zimachitika ndi BP, shuga ndi khunyu. Mayi wasiya mapiritsi a BP mu Janyuwale, mu Epulo wagwa pamtondo, mbali imodzi yafa. Mneneri wa madzi odzozedwa uja sabwera ku wodi. Amene amabwera ndi amayi a Mvano ndi a Chigwirizano, ndi kabigiri ka phala ndi buku la nyimbo. Amapemphera, amamusambitsa wodwalayo, kenako mmodzi amatsegula kabuku ka kuchipatala kuti aone tsiku lokatenganso mankhwala.