Zionetsero zikasokonekera, wapolisi ayambe ndi chiyani?

Pa 20 July 2011, Amalawi ovala zofiira anakhamukira m'misewu ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Karonga, atatopa ndi kusowa kwa mafuta agalimoto ndi ndalama zakunja mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika. Anthu 20 anafa, ambiri atawomberedwa ndi apolisi. Ena anaikidwa kumanda a Zolozolo ku Mzuzu.

Gawo 38 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa aliyense ufulu wochita zionetsero mwamtendere, opanda zida. Zinthu zikasokonekera, apolisi ayenera kuchenjeza kaye khamulo ndi kulisiyira njira yothawira, kenako n'kutulutsa zishango, zibonga kapena utsi wokhetsa misozi. Mfundo zomwe United Nations inakhazikitsa mu 1990 zimati mfuti igwiritsidwe ntchito pokhapokha moyo wa munthu ukakhala pachiswe. Sitolo yothyoledwa, ngakhale mwiniwake alire chotani, siyifika pamenepo.

Utsiwonso si wamasewera. Pa 6 July 2017, apolisi anauponya pazipata za Bingu National Stadium ku Lilongwe pomwe anthu ankalimbirana kulowa, ndipo anthu 8, ambiri mwa iwo ana, anafa popondedwa.