Kukula kwa Mawilo a Njinga: Zoyenera Kudziwa Musanagule

Njinga ndiyo imatifikitsira feteleza kumunda ndi zokolola kumsika. Kukula kwa wilo kumalembedwa m'mbali mwa tayala. Njinga zakuda zonyamulira katundu zimakhala ndi mawilo a mainchesi 28, njinga zambiri za magiya mainchesi 26, ndipo zing'onozing'ono mainchesi 20.

Wilo la mainchesi 28 likazungulira kamodzi limayenda mamita pafupifupi 2.2, pomwe la mainchesi 20 limayenda mamita 1.6. Choncho pamalo athyathyathya, ngati magiya ali ofanana, wilo lalikulu limakufikitsani patali mukapalasa kamodzi. Limadutsanso bwino m'maenje ndi pamiyala, moti mazira ndi tomato sagwedezeka kwambiri.

Koma pachitunda, mutasenza thumba la makilogalamu 50, wilo lalikulu limafuna mphamvu zambiri. Laling'ono limanyamuka mosavuta ndipo masipoko ake aafupi ndi olimba, koma limagwera m'maenje.

Njinga zamoto zambiri za kabaza zili ndi mawilo a mainchesi 17 kapena 18. Zopangidwira misewu yoipa zimakhala ndi wilo lakutsogolo la mainchesi 21. Musaike wilo kapena tayala la saizi ina: lingakhule pa madigadi, ndipo njinga ingavute kuwongolera mutanyamula katundu. Pogula tayala, tengani nambala ya pa tayala lakale.

Zochita pa gulu

1. Ikani chizindikiro cha choko pa matayala a njinga ziwiri zosiyana mawilo.
2. Kankhani njinga iliyonse mpaka wilo lizungulire kakhumi, kenako yezani mtunda.
3. Kambiranani: msewu wathu wopita kumsika, wa zitunda, mchenga kapena maenje, ukufuna wilo lotani?