Kudziteteza pa ulendo wa kunja nthawi ya sitalaka ndi kusowa kwa mafuta

LUSAKA: Anthu okhala ku Avondale ndi ku Chelstone amaona mabasi ndi malole m'mawa uliwonse akudutsa mu msewu wa Great East, kulowera ku Chipata ndi kumalire a Mwami. Ena amakwera basi pa siteshoni ya Intercity kupita ku Chirundu, Harare mpaka ku Johannesburg, kukagula katundu wodzagulitsa, kukaphunzira kapena kukaona abale. Maulendowa amayenda bwino mafuta akakhalapo ndiponso anthu akakhala pantchito. Koma mabungwe a apantchito akalengeza sitalaka ya dziko lonse, kapena malo omwetsera mafuta akauma, woyamba kuvutika amakhala mlendo, popeza alibe nyumba yothawirako ndipo ndalama zake n'zowerengeka.

Maiko onse amene anthu a mu Zambia amapitako kawirikawiri aonapo mavuto otere. Pa 12 January 2019, mtsogoleri wa dziko la Zimbabwe a Emmerson Mnangagwa analengeza kuti mtengo wa petulo ndi dizilo wakwera kuposa kawiri. Bungwe la apantchito la ZCTU linauza anthu kuti asapite kuntchito kwa masiku atatu kuyambira pa 14 January. Misewu ya ku Harare ndi ku Bulawayo inatsekedwa ndi miyala ndi matayala oyaka, boma linatseka intaneti, ndipo anthu oposa 10 anaphedwa. Ku Malawi, kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kunali chimodzi mwa zimene zinautsa zionetsero za pa 20 July 2011, pomwe anthu pafupifupi 20 anataya miyoyo. Ku South Africa mu July 2021, zipolowe zinatseketsa msewu wa N3 wochoka ku Durban kupita ku Johannesburg, malole anatenthedwa, fakitale yoyenga mafuta ya Sapref inaima, ndipo anthu oposa 300 anafa. Ku Mozambique, chitachitika chisankho cha pa 9 October 2024, kunyanyala ntchito ndi zionetsero zinatenga miyezi, mpaka chipata cha malire cha Lebombo chinatsekedwa kangapo.

Chofunika kudziwa n'chakuti sitalaka siibwera ngati mphezi. Nthawi zambiri mabungwe amalengeza tsiku lake kudakali nthawi. Mwachitsanzo, kumapeto kwa August 2019 ofesi ya kazembe wa Zambia ku Pretoria inachenjeza oyendetsa malole kuti asalowe mu South Africa pa 2 September, tsiku limene oyendetsa malole a kumeneko anakonza zonyanyala ntchito pokana anzawo akunja. Masiku otsatira, masitolo a alendo ku Johannesburg anaphwanyidwa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Wapaulendo ayenera kumvera nkhani za dziko limene akupita, kufunsa kwa eni mabasi ndiponso kwa anzake amene ali kale kumeneko asanagule tikiti. Ngati tsiku la sitalaka ladziwika, ndi bwino kuchedwetsa ulendo kapena kusintha njira. Chitsegulire mlatho wa Kazungula mu May 2021, wopita ku Johannesburg angathe kudzera ku Botswana m'malo mwa Chirundu ndi Beitbridge.

Vuto likamupeza munthu ali kale kunja, chitetezo chake chachikulu ndi kukhala pamene ali. Amene amavulala si ochita zionetsero okha ayi, komanso odutsa m'njira ndi oonerera. Mlendo sadziwa tinjira tothawira, ndipo kalankhulidwe kake kamamuulula msanga. Choncho asayandikire gulu la anthu, asajambule apolisi kapena asilikali ndi lamya yake, ndipo asalowe m'mikangano ya ndale za eni dziko. Woyendetsa galimoto akaona utsi kapena miyala pamsewu abwerere akadali patali, asayese kubowola. Katundu angagulidwenso, moyo ayi.

Ndalama nazo zimafuna nzeru. Intaneti ikatsekedwa, makadi a banki ndi ndalama za pa lamya zimatha kusiya kugwira ntchito, ndipo abale a ku Lusaka amalephera kutumiza thandizo. N'chifukwa chake wapaulendo ayenera kukhala ndi ndalama za m'manja za dzikolo zokwanira chakudya ndi malo ogona kwa masiku angapo, zosungidwa m'malo awiri osiyana. Amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, monga a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena ma ARV, atenge opitirira masiku a ulendo, chifukwa sitalaka ya ogwira ntchito m'boma imakhudzanso zipatala, monga zinachitikira ku South Africa mu 2007 ndi 2010. Nambala za abale ndi za ofesi ya kazembe wa Zambia ku Pretoria, Harare, Lilongwe kapena Maputo zilembedwe papepala, osadalira lamya yokha, yomwe moto wake umatha.

Pa nkhani ya mafuta, oyenda pa galimoto yawo adzaze thanki asanadutse malire, ndipo aonjezere paliponse pamene apezeka, osadikira kuti atsike pansi pa theka. Mafuta a m'zigubu ogulitsidwa m'mbali mwa msewu nthawi zina amakhala osakanizidwa ndi palafini kapena madzi, zomwe zimapha injini pakati pa thengo. Choopsa koposa ndi kuyandikira lole ya mafuta imene anthu akutungapo. Pa 17 November 2016, m'mudzi wa Caphiridzange m'chigawo cha Tete, lole ya mafuta yopita ku Malawi inaphulika anthu atazungulira ndi zigubu, ndipo oposa 70 anafa.

Palinso nkhani ya masiku amene adindidwa mu pasipoti. Sitalaka ingamusunge munthu mpaka masikuwo atha. Kuyambira mu 2014, malamulo a South Africa amalola kuletsa munthu wopitirira masiku ake kulowanso m'dzikolo kwa chaka chimodzi mpaka zisanu, chilango chomwe chingagwetse malonda a banja lonse. Amene watsekeredwa asunge tikiti yake ndi umboni wina uliwonse woti basi inalephera kunyamuka, ndipo adziwitse ofesi ya kazembe masikuwo asanathe. Ofesi yomweyo ndi imene imapereka chikalata choyendera chakanthawi kwa amene wataya pasipoti.

Abale otsala kunyumba alinso ndi mbali yawo. Adziwe dzina la basi, njira imene yadzera ndi malo amene m'bale wawo akugona. Lamya ikapanda kumveka kwa tsiku limodzi kapena awiri asafulumire kufalitsa mphekesera za imfa, koma afunse kwa eni basi, ndipo zikavuta apite ku unduna woona za ubale ndi maiko ena mu Lusaka.