Chidindo cha CE pa Makina Oweruza Anthu

Aliyense amene anatembenuzapo tchaja ya foni, kapena chidole cha mwana chochokera kunja, anaonapo zilembo ziwiri, CE, zimene wopanga katundu amachitira nazo umboni wakuti wasunga malamulo a chitetezo a bungwe la European Union, la maiko 27. Tsopano zilembo zomwezo zasenzetsedwa udindo wolemera koposa, pakuti lamulo la AI Act, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Ogasiti 2024, likuti mapulogalamu a pakompyuta otsanzira nzeru za munthu, otchedwa AI, ngati angathe kuika moyo kapena ufulu wa anthu pa chiswe, ayenera kukhala ndi chidindochi asanagulitsidwe m'maikowo, ngakhale wowapangayo atakhala ku America, ku China kapena kuno ku Africa.

Makina amene lamuloli lawaika m'gulu la oopsa kwambiri ndiwo amene apatsidwa mphamvu yogamula za munthu iye mwini palibe: osankha woyenera kulembedwa ntchito, oyesa wopempha ngongole ku banki, ochonga mayeso a ana a sukulu, oyendetsa madzi ndi magetsi, ndi othandiza apolisi, oweruza milandu ndi alonda a m'malire. Kuopsa kwake anakuona ndi maso anthu a ku Netherlands, kumene nthambi ya msonkho, pogwiritsa ntchito pulogalamu imene inkakayikira munthu chifukwa cha dziko lochokera, inanamizira mabanja zikwizikwi kuti anabera boma ndalama zothandizira kulera ana, kufikira boma la Mark Rutte linatula pansi udindo mu Januwale 2021, mabanja ambiri atamira kale m'ngongole.

Chifukwa chake tsono, asanadinde zilembozo, wopanga ayenera kufufuza zoipa zonse zimene makina ake angadzetse, kusanthula zimene anawaphunzitsa nazo kuti musakhale tsankho, kulemba mwatsatanetsatane momwe amagwirira ntchito, kuwakonza kuti azisunga mbiri ya zochita zawo, ndiponso, chimene chili chachikulu pa zonse, kusiya mpata wakuti munthu wamoyo athe kuwayang'anira, kukana chigamulo chawo, ngakhale kuwaimitsa kumene. Akatha izi amasaina chikalata chotsimikiza kuti wamvera lamulo, chimene ayenera kuchisunga zaka 10, ndipo popeza pulogalamu ilibe thupi lomatapo chidindo, lamulo lalola kuti zilembozo zizionekera pa kompyuta pomwepo. Wophwanya malamulowa angathe kulipitsidwa chindapusa chofika mayuro 15 miliyoni, kapena magawo 3 pa 100 alionse a ndalama zimene kampani yake yapeza pa dziko lonse m'chaka.

Komabe tisaiwale mawu a makolo akuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kupatula makina ena, monga a m'zipangizo zambiri za chipatala, amene amayesedwa ndi bungwe loima palokha, ndipo nambala ya bungwelo imalembedwa pambali pa chidindo, ochuluka mwa makinawa amayesedwa ndi mwini wake yemweyo, kotero kuti CE ndi lumbiro la wogulitsa, limene kulemera kwake kudalira pa khama la akuluakulu a boma oyendera msika, amene ali ndi mphamvu yofunsa zikalata ndi kuchotsa pa msika makina osayenera.

Ngakhale zili tero, phindu la chidindochi ndi lalikulu, pakuti chimamangirira dzina la munthu ku chigamulo cha makina, kuti wolakwiridwa, kaya wamanidwa ntchito kaya ngongole, asauzidwe kuti yatero ndi kompyuta, koma akhale ndi khomo logogodapo pofuna chilungamo. Ndipo ife, pamene mabanki ndi maofesi athu ayamba kugula makina otere, tiyenera kufunsa ogulitsa kuti anayesedwa ndi yani, ndi kuti adzayankha ndani akalakwa, pakuti safunsa anadya phula.